Opaleshoni Yochepetsa Thupi kwa Achinyamata Onenepa Kwambiri: Mafunso ndi Mayankho

Mwana wa zaka 16 akamalemera makilogalamu 140, aliyense amakhala ndi malangizo omupatsa: achepetse nsima, azithamanga m'mawa, asiye zotsekemera. Kawirikawiri mwanayo amakhala kuti zonsezi anaziyesa kale, mwinanso kangapo, thupi n'kutsika pang'ono kenako n'kubwerera mwakale. Ku America, ku Sweden ndi ku Saudi Arabia madokotala akhala akuchita opaleshoni ya m'mimba achinyamata otere, ndipo ena mwa iwo awalondola kwa zaka 10. Mayankho ali m'munsimu akuchokera pa zimene zinaoneka pa ana amenewo. Ndalembera makolo, amalume, azakhali ndi agogo amene amva nkhaniyi kwa dokotala n'kuchita nayo mantha, komanso wachinyamata mwini wake amene mwina akuwerenga yekha pafoni usiku, ena onse atagona.

Kodi kunenepa kumene kukunenedwa pano ndi kotani?

Apa sitikunena za mwana wojintcha, kapena mtsikana amene wayamba kudzaza thupi potha msinkhu. Madokotala amagwiritsa ntchito muyeso wotchedwa BMI. Amatenga kulemera kwa munthu m'makilogalamu n'kugawa ndi kutalika kwake m'mamita atakuchulukitsa ndi kutalika komweko. Mtsikana wotalika mamita 1.60 wolemera makilogalamu 105 ali ndi BMI ya 41. Mnyamata wa mamita 1.70 wolemera makilogalamu 120 nayenso ali cha pomwepo.

Popeza mwana amakhala akukulabe, nambalayi amaiyerekeza ndi ya anzake a msinkhu umodzi, anyamata paokha atsikana paokha, monga mmene amachitira ndi khadi la kusikelo ya ana. Tiyerekeze kuti ana 100 a pa tchaticho aimikidwa pamzere kuyambira wa BMI yotsika mpaka wa BMI yokwera. Amene waima pa nambala 95 ndiye malire a kunenepa. Mwana akapitirira malirewo ndi 20 peresenti, kapena BMI yake ikafika 35, amati wanenepa kwambiri. Akapitirira ndi 40 peresenti, kapena BMI ikafika 40, ndiye kuti ali pa gawo lapamwamba kwambiri.

Bungwe la WHO linati mu 2022 ana ndi achinyamata oposa 160 miliyoni a zaka 5 mpaka 19 anali onenepa mofika pa matenda. Mu 1990 anali 2 pa 100 alionse, pofika 2022 anali 8 pa 100. Koma oyenera kuganiziridwa za opaleshoni ndi kagulu kochepa ka amene ali kumapeto kwenikweni kwa mzere uja.

Bwanji osangomuchepetsera chakudya ndi kumulimbikitsa masewera?

Kumeneko n'kumene chithandizo chimayambira, ndipo kudya bwino ndi kuyenda kumathandiza mtima, shuga ndi tulo ngakhale sikelo isasunthe. Vuto ndi lakuti thupi likafika pa makilogalamu 130 kapena 150 limayamba kudziteteza. Munthu akatsika thupi chifukwa chodzimana, homoni ya njala yotchedwa ghrelin imakwera, pamene leptin, imene imauza ubongo kuti nkhokwe ya mafuta ndi yodzaza, imatsika. Thupi limayambanso kugwiritsa ntchito mphamvu moumira. Ubongo umaona ngati kwagwa chilala, ndiye umamukankhira munthuyo ku mbale mpaka atabwezeretsa zimene zinatayika. Izi zimachitika kwa munthu wamkulu wodziletsa. Nanga kuli bwanji mwana wa zaka 15?

Ku Sweden anayesa nkhaniyi mwachilungamo. Pa kafukufuku wotchedwa AMOS2, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2023, achinyamata 50 a zaka 13 mpaka 16 anawagawa mwamaere m'magulu awiri. Gulu lina linachitidwa opaleshoni, lina linalandira chithandizo champhamvu chopanda mpeni, cha zakudya ndi uphungu wa akatswiri. Patatha zaka 2, BMI ya ochitidwa opaleshoni inali itatsika ndi pafupifupi 12.6, pamene ya enawo inali isanasunthe n'komwe.

Ine chimene chimandiwawa ndi ichi. Khanda likakhala lonenepa timaombera m'manja kuti mayi ake amadziwa kusamala. Mwana yemweyo akafika ku sekondale ali wamkulu thupi, timayamba kumunena kuti ndi wadyera komanso waulesi, ndipo mayina achipongwe amene akupatsidwa kusukulu amawapezanso pakhomo. Chibadwa chochokera kwa makolo chili ndi gawo lalikulu pa kukula kwa thupi la munthu, monganso pa kutalika kwake. Kumuchititsa manyazi sikuchotsa ngakhale kilogalamu imodzi. Kumangomuphunzitsa kudyera mobisa.

Nanga pa opaleshoniyo amachita chiyani kwenikweni?

Sapopa mafuta, monga ena amaganizira. Mafuta sawakhudza n'komwe. Chimene amasintha ndi chifu, nthawi zina ndi matumbo omwe. Masiku ano sang'amba mimba yonse: amaboola timabowo ting'onoting'ono tingapo, n'kulowetsa kamera ndi zipangizo zazitali, wodwala ali mtulo ta mankhwala. Ambiri amatuluka m'chipatala pakatha tsiku limodzi mpaka masiku atatu.

Njira imene ikuchitidwa kwambiri kwa achinyamata panopa ndi sleeve gastrectomy. Dokotala amadula ndi kuchotseratu pafupifupi 75 mpaka 80 peresenti ya chifu, n'kusiya kachubu kooneka ngati nthochi. Matumbo sawakhudza. Gawo lochotsedwalo silibwereranso.

Njira yachiwiri ndi gastric bypass. Anaiyambitsa ndi dokotala Edward Mason wa ku University of Iowa m'zaka za m'ma 1960, ndipo kalumikizidwe ka matumbo kamene amagwiritsa ntchito masiku ano kali ndi dzina la dokotala wa ku Switzerland, César Roux. Pamwamba pa chifu amapangapo kathumba kakang'ono ngati dzira, n'kukalumikiza ndi matumbo aang'ono cha kutsogolo. Chakudya chimalambalala chifu chotsalacho ndi chigawo choyamba cha matumbo. Chigawo cholambalalidwachi n'chimene chimayamwa kwambiri ayironi ndi kashiamu, ndipo mfundo imeneyi muisunge, tikumana nayo kutsogoloku.

Panalinso njira yomanga chifu ndi kalamba. Pa kafukufuku wa ku Melbourne, ku Australia, wa mu 2010, achinyamata anatsikadi thupi, koma mmodzi pa atatu kapena anayi alionse anabwereranso ku tebulo la opaleshoni pasanathe zaka 2. Njirayi zipatala zambiri zinaisiya.

Ndiye kuti zimatheka chifukwa choti chifu chachepa basi?

Kale madokotala nawonso ankaganiza choncho, koma nkhani yake ndi yoposa pamenepo. Mbali ya chifu imene amaichotsa pa sleeve ndi imene imapanga ghrelin wochuluka, ndiye njala yosatha ija imazilala. Chakudya chikamafika msanga m'matumbo, matumbowo amatulutsa mahomoni ambiri a kukhuta, monga GLP-1, amenenso amathandiza thupi kutulutsa insulini. N'chifukwa chake odwala shuga ena amaona shuga wawo atatsika m'masiku ochepa chabe, thupi lisanatsike n'komwe. Opaleshoni imaletsa ubongo kulimbana ndi kutsika kwa thupi, chinthu chimene kudzimana chakudya sikungachite.

Ndani amene ali woyenera, ndipo kuyambira zaka zingati?

Mu Januwale 2023 bungwe la madokotala a ana ku America, American Academy of Pediatrics, linatulutsa malangizo akuti wachinyamata wa zaka 13 kupita m'tsogolo amene wanenepa kwambiri atumizidwe kwa akatswiri kuti akamuunike ngati opaleshoni ingamuthandize. Kutumizidwa kukaunikidwa si kulembedwa tsiku la opaleshoni. Amene amaganiziridwa ndi wa BMI ya 40 kupita m'mwamba, kapena wa BMI ya 35 amenenso ali ndi matenda obwera ndi kunenepako: shuga wa mtundu wachiwiri, kuthamanga kwa magazi, kubanika kutulo, mafuta m'chiwindi, kupindika kwa miyendo kotchedwa matenda a Blount, kuguluka kwa mutu wa fupa la m'chiuno, kapena kuchuluka kwa madzi m'mutu kumene kumabweretsa litsipa losatha ndipo kungathe kuchititsa khungu.

Ku Britain amakoka chingwe kwambiri. Malangizo a bungwe la NICE akhala akunena kuti kwa ana opaleshoniyi iganiziridwe pokhapokha zinthu zitafika povuta, ndiponso mwanayo atakhwima thupi kapena atatsala pang'ono kutero. Choncho banja limene likukhala ku Manchester likhoza kumva yankho losiyana ndi limene likukhala ku Texas, mwana ali yemweyo.

Alipo amene sayenera kuchitidwa, kapena ayenera kudikira: amene kunenepa kwake kwayamba ndi matenda ena ochizika ndi mankhwala, amene wakhala akugwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo kapena mowa m'chaka chapitachi, mtsikana woyembekezera kapena wofuna kutenga mimba posachedwa, ndi amene palibe chiyembekezo choti angatsatire malangizo a pambuyo pake. Kuunikaku kumatenga miyezi, ndipo kumafuna dokotala wa ana, dokotala wa opaleshoni, katswiri wa zakudya ndi katswiri wa maganizo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo chipatala chimene chili ndi dokotala wa mpeni yekha si malo otengerako mwana.

Kodi ana amene anachitidwa kale zinawayendera bwanji?

Kafukufuku wodziwika kwambiri ndi Teen-LABS, amene anatsogoleredwa ndi dokotala Thomas Inge m'zipatala zisanu za ku America: ku Cincinnati, Columbus, Houston, Pittsburgh ndi Birmingham ya ku Alabama. Analondola achinyamata 242 amene anachitidwa opaleshoni pakati pa 2007 ndi 2012. Tikawaphatikiza onse, msinkhu wawo unali zaka 17, kulemera makilogalamu 149, BMI 53. Atatu pa anayi alionse anali atsikana.

Patatha zaka 3, thupi linali litatsika ndi 27 peresenti, kutanthauza makilogalamu pafupifupi 40. Mwa amene anali ndi shuga, 95 pa 100 analibenso zizindikiro zake popanda kumwa mankhwala. Kuthamanga kwa magazi kunabwerera m'malo mwa 74 pa 100, ndipo impso zimene zinayamba kuvuta zinachira mwa 86 pa 100. Zotsatira za zaka 10 zinatuluka mu 2024. BMI inali idakali yotsika ndi pafupifupi 20 peresenti. Shuga anali atabwerera kwa ena, koma 55 pa 100 anali adakali omasuka, ndipo pa kuthamanga kwa magazi anali 57 pa 100.

Tiwerengere limodzi bwinobwino. Wa makilogalamu 149 akatsika ndi 40 amatsala ndi 109. Ameneyu akadali munthu wonenepa. Opaleshoni imamuchotsa pa ngozi, imamulola kukwera masitepe, kugona osabanika, kukhala pa desiki ya m'kalasi, koma ambiri siwasandutsa ochepa thupi. Ndiponso si onse amene zimawayendera. Pa kafukufuku woyamba wa AMOS ku Sweden, wa achinyamata 81, pafupifupi mmodzi pa 10 alionse anali atatsika pang'ono kwambiri patatha zaka 5. Mwana ayenera kumva zimenezi asanavomere, kuti asadzadzione ngati wolephera.

Bwanji osadikira kuti akule kaye, adzasankhe yekha?

Funso limeneli ndi limene makolo ambiri amaimapo, ndipo ndi la chikondi. Kudikira kumaoneka ngati kusachita kanthu koopsa. Koma matenda sadikira nawo.

Shuga wa mtundu wachiwiri akayamba paunyamata amathamanga kuposa woyamba munthu atakula. Kafukufuku wa TODAY ku America analondola ana odwala shuga ameneyu amene ankalandira mankhwala, ndipo mu 2021 anapeza kuti pofika zaka pafupifupi 26, oposa theka anali ataonongeka kale impso, maso kapena mitsempha. Awa ndi anthu amene angoyamba kumene ntchito kapena banja. Ofufuza atayerekeza ana a TODAY ndi ana odwala shuga a Teen-LABS, anapeza kuti shuga wa omwa mankhwala anapitiriza kukwera, pamene wa ochitidwa opaleshoni anatsika kufika pa mlingo wa munthu wosadwala.

Palinso china. Mu 2019 anayerekeza achinyamata ochitidwa gastric bypass ndi akuluakulu amene anakhala onenepa kuyambira paunyamata koma anachitidwa atakula. Patatha zaka 5 thupi linatsika mofanana, 26 peresenti kwa achinyamata, 29 kwa akuluakulu. Koma shuga anachoka mwa achinyamata 86 pa 100, pamene mwa akuluakulu anali 53 okha. Kuthamanga kwa magazi kunachoka mwa 68 pa 100 poyerekeza ndi 41. Chiwalo chimene chapwetekedwa kwa zaka zitatu chimachira msanga kuposa chimene chapwetekedwa kwa zaka makumi awiri. Ndiponso BMI ikakwera kufika m'ma 50 kapena 60, opaleshoni imavuta kuchita, ndipo ngakhale itayenda bwino munthu amatsalabe wolemera kwambiri.

Sindikunena kuti mwana aliyense wonenepa athamangitsidwe ku tebulo la opaleshoni. Ndikunena kuti banja limene lasankha kudikira lidziwe kuti lasankha, ndipo lifunse dokotala kuti impso, chiwindi ndi maso a mwanayo zikhala bwanji pa zaka zodikirazo.

Kodi sangapinimbire?

Mantha amenewa anali ndi madokotala omwe, ndipo n'chifukwa chake poyamba ankadikira kuti mafupa asiye kukula. Ku Riyadh, ku Saudi Arabia, dokotala Aayed Alqahtani analondola ana ndi achinyamata oposa 2,500 amene anachitidwa sleeve, ena mwa iwo aang'ono ndithu, ndipo lipoti lake la mu 2021 linasonyeza kuti anapitiriza kutalika bwinobwino. Chofunika kuyang'anira ndi kulimba kwa mafupa, komwe kumadalira kashiamu ndi vitamini D.

Nanga kuopsa kwake?

Kulipo, ndipo dokotala amene angakuuzeni kuti palibe choopsa musamukhulupirire. M'masiku oyambirira, pamene asoka chifu pangathe kudontha, zam'mimba n'kutayikira m'kati. Magazi angathe kutuluka, kapena kuundana m'mwendo n'kuthamangira ku mapapo. Pa Teen-LABS, m'masiku 30 oyambirira ana 8 pa 100 anakumana ndi vuto lalikulu, 15 pa 100 vuto laling'ono, ndipo palibe anamwalira.

Mavuto ena amabwera mochedwa. Thupi likatsika mofulumira, mu ndulu mumapangika miyala, ndipo ena amabwerera kukachotsa ndulu. Pambuyo pa bypass matumbo angathe kupotana. Pambuyo pa sleeve ena amavutika ndi chilungulira chosatha. Pofika zaka 3, ana 13 pa 100 a Teen-LABS anali atachitidwanso opaleshoni ina ya m'mimba, ndipo ku Sweden anali mmodzi pa anayi alionse pofika zaka 5. Pa achinyamata 161 a bypass amene anawayerekeza ndi akuluakulu mu 2019 aja, atatu anamwalira m'zaka 5, awiri mwa iwo chifukwa cha mankhwala ozunguza bongo.

Tsitsi limathothoka pakati pa mwezi wachitatu ndi wachisanu ndi chimodzi, kenako limameranso. Khungu limalendewera pamimba, m'manja ndi m'ntchafu, ndipo kwa mtsikana wa zaka 17 nkhani imeneyi si yaing'ono ayi. Amuuziretu.

Akuti azimwa mavitamini moyo wake wonse. N'zoona?

N'zoona, ndipo m'maganizo anga apa m'pamene pagona nkhani yonse. Tsiku la opaleshoni ndi limodzi, lili m'manja mwa akatswiri. Zaka 60 zotsatira zili m'manja mwa mwana amene lero amaiwala ndi nthawi yosamba yomwe.

Chakudya chikachepa, ndiponso chikamalambalala chigawo cha matumbo chija, thupi limaperewera ayironi, vitamini B12, vitamini B1, kashiamu ndi vitamini D. Ana a Teen-LABS amene anali ndi ayironi wochepa asanachitidwe opaleshoni anali 5 pa 100. Patatha zaka 3 anali 57 pa 100. Ku Sweden, 72 pa 100 anali ndi chinachake choperewera pofika zaka 5. Kuperewera kumeneku kumabwera mwakachetechete. Mwana amaoneka bwino, anzake akumuyamikira kuti wasintha, iye n'kuona kuti mapiritsi alibenso ntchito. Pakatha miyezi amayamba kutopa, kuchita chizungulire, dzanzi kumapazi. B12 akasowa nthawi yaitali amaononga mitsempha, ndipo nthawi zina kuonongekako sikubwerera.

Ndiye mwanayo afunika kuyezedwa magazi kangapo m'chaka choyamba, kenako kamodzi chaka chilichonse mpaka kalekale. Nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene akuchoka pakhomo kupita ku koleji kapena kukayamba ntchito, n'kuchokanso m'manja mwa dokotala wa ana. Ambiri amasowera pamenepo. Walira mvula walira matope: banja limene lavomera opaleshoni lavomeranso kugula mapiritsi mwezi ndi mwezi ndi kukumbutsa munthu amene safuna kukumbutsidwa.

Palinso mankhwala oti aziwapewa, makamaka pambuyo pa bypass: ibuprofen, diclofenac ndi aspirin amayambitsa zilonda pamene analumikiza. Fodya amachitanso chimodzimodzi.

Adzadya chiyani? Nsima adzaidyanso?

Masabata oyambirira ndi zamadzimadzi zokha, pang'onopang'ono ngati akumwa ndi supuni. Kenako zopota monga phala losalala, dzira lofewa, nyemba zosefa, nsomba yophwanya. Chakudya cholimba amayamba pakatha mwezi ndi theka kapena miyezi iwiri. Lamulo lalikulu ndi lakuti mapuloteni ayambe, magalamu 60 kapena kuposa patsiku.

Kwa banja lodya nsima, zimenezi zimatembenuza mbale. Tinazolowera kuti nsima ndiye chakudya, ndiwo n'zongotsitsira. Mwana wochitidwa opaleshoni ayambe ndi ndiwo, usipa, nkhuku, nyemba, mazira kapena soya, kenako masamba, ndipo malo akatsala ndiye atsine nsima kawiri kapena katatu. Akayamba ndi nsima, kachifu kadzaza asanalawe chomanga thupi. Madzi asamwere pa chakudya, adikire mphindi 30. Zakumwa za gasi azisiye. Tiyi wa shuga wambiri, thobwa lotsekemera kapena keke zingathe kumubweretsera chimene madokotala amati dumping: mtima kugunda, thukuta, nseru ndi kutsegula m'mimba patangopita mphindi zochepa.

Agogo ndi azakhali afotokozeredwe bwino. Mwana akasiya chakudya m'mbale sakunyoza amene waphika, ndipo kumukakamiza kuti amalize n'kumudwalitsa. Abale ake asamadye tchipisi pamaso pake iye akumwa msuzi. Pakhomo pamene aliyense wasinthako kadyedwe, mwana amapirira mosavuta.

Pali china chapadera kwa atsikana?

Chilipo, ndipo makolo ambiri amachita nacho manyazi. Atsikana onenepa kwambiri nthawi zambiri msambo wawo umadumphadumpha, moti ena amakhulupirira kuti sangatenge mimba. Thupi likayamba kutsika, kubereka kumabwerera mwadzidzidzi. Mimba yotenga thupi likutsika mofulumira ndi yoopsa kwa mwana wam'mimbayo, choncho madokotala amati padutse miyezi 12 mpaka 18. Pambuyo pa bypass mapiritsi olera sangadaliridwe chifukwa sayamwidwa mokwanira, ndipo amalangiza lupu kapena kachipangizo koika pamkono. Mayi kapena azakhali akambe naye nkhaniyi opaleshoni isanachitike, ndipo mtsikanayo apatsidwe mpata wolankhula ndi dokotala payekha. Msambo umachotsanso ayironi mwezi uliwonse, ndiye atsikana ndi amene amachepa magazi msanga.

Kodi kuvutika maganizo kudzatha thupi likatsika?

Ambiri amayamba kudzidalira, kutuluka m'nyumba, kusewera ndi anzawo. Koma ofufuza a ku Sweden anapeza kuti patatha zaka 5, matenda a maganizo amene ana anali nawo kale sanathe chifukwa cha opaleshoni. Mabala a zaka khumi za kunyozedwa sachoka ndi mpeni. Mwana amene ankathawira ku chakudya akakhumudwa, tsopano kothawirako kwatsekedwa, ndipo akapanda kuthandizidwa amafuna kwina.

Mowa ndi umene uyenera kuopedwa. Pambuyo pa opaleshoni umalowa m'magazi mofulumira, botolo limodzi n'kugwira ngati awiri, ndipo chiopsezo chokhala chidakwa chimakwera. Uphungu wa maganizo usathe tsiku lotuluka m'chipatala.

Nanga majakisoni ochepetsa thupi amene atchukawa?

Asintha zinthu ndithu. Mu Disembala 2022 bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linavomereza semaglutide, wogulitsidwa ndi dzina la Wegovy, kwa ana a zaka 12 kupita m'tsogolo. Ndi jakisoni wa kamodzi pa sabata amene amatsanzira GLP-1 uja. Pa kafukufuku wa achinyamata 201, BMI inatsika ndi 16 peresenti m'masabata 68. Kwa ana ambiri ndi bwino kuyamba ndi ameneyu. Koma ndi wodula, ambiri akasiya thupi limabwerera, ndipo kwa mwana wa BMI ya m'ma 50 kutsika kotereku mwina sikungakwane. Madokotala ena amaphatikiza: mankhwala poyamba, opaleshoni pambuyo, kapena mankhwala thupi likayamba kubwerera patatha zaka. Jakisoni wogula pa Facebook kwa munthu wosadziwika asafike pathupi la mwana.

Wosankha ndani, kholo kapena mwana?

Onse awiri. Kholo limasaina chifukwa malamulo amatero, koma mwanayo avomere ndi mtima wake, ndipo athe kufotokoza ndi pakamwa pake chimene achitidwe ndi chimene adzafunika kuchita pambuyo pake. Mwana amene wangogonjera bambo ake chifukwa cha ulemu adzasiya mapiritsi tsiku limene adzachoke pakhomo. Mbali inanso, ngati mwana ndi amene akupempha, inu makolo musamutseke pakamwa ndi mawu akuti akufuna njira yachidule. Pitani naye kwa dokotala mukamve limodzi.

Tingapite naye kunja kumene amatchipitsa?

Pa intaneti pali zotsatsa zambiri za opaleshoni yophatikiza ndege ndi hotela, ndipo boma la Britain lachenjezapo nzika zake za imfa za anthu amene anapita ku Turkey kukachitidwa maopaleshoni osiyanasiyana. Kumeneko madokotala aluso aliko, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: mtengo wotsikawo suphatikiza miyezi ya kuunika, kapena zaka za kulondola. Musanagule tikiti, kaya mukuchokera ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Johannesburg, funsani kuti chipatalacho chachita achinyamata angati, ndani adzamuone mwana akayamba kusanza patatha masabata atatu muli kwanu, B12 ndi ayironi adzayezera kuti, ndipo mavitamini ake adzapezeka kuti chaka ndi chaka. Mafunso amenewa akasowa mayankho, ulendowo uyambe waima.

Ndi zizindikiro ziti zofunika kuthamangira nazo kuchipatala?

M'masabata oyambirira: mtima kugunda mofulumira mwana atangokhala, kutentha thupi, kupuma movutikira, kupweteka kwa m'mimba kapena phewa lakumanzere kumene kukukulirakulira, mwendo umodzi kutupa, kusanza magazi kapena chimbudzi chakuda. Mtima wogunda kupitirira ka 120 pa mphindi nthawi zambiri ndiwo umayamba kuulula kuti posoka padontha, ululu usanafike n'komwe. Ngakhale patapita zaka, kupweteka kwambiri kwa m'mimba kwa munthu wa bypass kungakhale kupotana kwa matumbo, ndipo sikufuna kudikira kuti kuche.

Kusanza kosalekeza kwa masiku angapo kuli ndi ngozi yakeyake. Vitamini B1 amene thupi limasunga amatha m'masabata awiri kapena atatu okha, ndipo akatha ubongo umavulala: mwana amasokonezeka, amadzandira poyenda, amaona zinthu ziwiriziwiri. Dokotala auzidwe msanga za opaleshoniyo kuti apereke vitamini B1 asanaike diripi ya shuga, chifukwa shuga wolowa B1 palibe amawonjezera kuvulalako. Mwana aziyenda ndi kakhadi m'chikwama kolembedwa mtundu wa opaleshoni, tsiku limene inachitika, mankhwala amene akumwa ndi nambala ya foni ya chipatala chimene chinamuchita.